Mmene ndinadutsira ntchito yotumiza chidule cha kafukufuku ku msonkhano wa EBMT

Chidule changa chalandiridwa ndipo mtima wakhala pansi, koma mkwiyo umene ofesi ina ya pachipatala chathu inandiputa nawo sunathebe. Ndaona kuti ndilembe zinthu zidakali m'mutu, kuti anamwino anzanga amene muli m'mawodi oika maselo opanga magazi kuno ku Britain musadzazunzike monga ndinazunzikira ine. Msonkhano umene ndikunena ndi wa pachaka wa EBMT, bungwe la ku Ulaya loona za transplant, kutanthauza kuika mwa wodwala maselo opanga magazi ochokera m'magazi kapena m'mafuta a m'mafupa, limene linakhazikitsidwa mu 1974 ndipo linachita msonkhano wake wa 50 ku Glasgow mu April 2024. Bungweli lili ndi gulu la anamwino, ndipo zidule zathu zili ndi gawo lakelake, mosiyana ndi za madokotala.

Nkhani yanga inali ya zilonda za m'kamwa mwa odwala khansa ya m'mafuta a m'mafupa yotchedwa myeloma amene amalandira mankhwala amphamvu a khansa otchedwa melphalan asanabwezeredwe maselo awo omwe. Tonse timadziwa kuti kuyamwa ayezi pa nthawi yolandira mankhwalawa kumachepetsa zilondazo, chifukwa kuzizira kumafinya mitsempha ya m'kamwa ndipo mankhwala amafikamo ochepa. Malangizo a MASCC ndi ISOO, mabungwe a akatswiri osamalira odwala khansa, amavomereza njira imeneyi. Funso langa silinali loti kaya ayezi amathandiza, koma loti kodi ifeyo pa wodi tikumupereka moyenera ndi kulemba m'mafayilo monga zimafunikira. Ndaonapo wodwala atafumbata kapu ya ayezi, milomo ikunjenjemera, akupempha kuti apume pang'ono, ndipo namwino wotanganidwa n'kuchotsa kapuyo osalemba nthawi imene wasiyira. Mphindi zosalembedwazo ndi zimene ndinkafuna kuziwerenga.

Langizo langa lalikulu ndi ili: kalembetseni ntchito yanu ku ofesi ya audit, yoona za kuunika ngati ntchito ya pachipatala ikutsata malangizo, musanatsegule fayilo ya wodwala ndi mmodzi yemwe, ndipo musachokeko m'maganizo mpaka nambala ya kalemberayo itafika m'manja mwanu. Ine ndinapereka fomu nthawi ikadalipo yambiri, bwana wa wodi atasaina, dokotala wamkulu atasainanso. Kenaka kunangoti zii. Nditafunsa, anandiyankha kuti ntchito yanga ikuoneka ngati kafukufuku weniweni, choncho ndipite ku ofesi ya kafukufuku. Kumeneko anaiwerenga mwachangu n'kunena zimene ndinkadziwa kale, kuti popeza sindikusintha chithandizo cha wodwala aliyense koma ndikungoyerekeza zimene timachita ndi malangizo amene alipo, imeneyi ndi audit ndipo sifunika kupita ku komiti yoona za ufulu wa anthu pa kafukufuku. Ndinabwerera ndi yankho limenelo, ndipo ndinauzidwa kuti fomu imene ndinadzaza yasinthidwa, ndidzazenso yatsopano ndi kukasainitsanso kwa anthu omwe aja.

Tsiku limene linandipweteka kwambiri ndi limene ndinapita ku ofesi ya audit nditangoweruka ku ntchito ya usiku. Ndinakhala pa mpando wa m'khonde nditavala yunifomu, maso akulemera, kudikira munthu amene anandilonjeza pa imelo kuti adzakhalapo m'mawa umenewo, mpaka wina wodutsa anandiuza kuti tsikulo akugwirira ntchito kunyumba. Ndikanagona, kapena ndikanalemba gawo la zotsatira. Chimene chimandiwawa n'chakuti ofesi imeneyi inaikidwa kuti ilimbikitse anamwino kuunika ntchito yawo, koma imatitaya nthawi ngati kuti tikupempha chinthu chosatiyenera. Bungwe la boma loona za kafukufuku wa zaumoyo, la Health Research Authority, lili ndi mafunso pa intaneti othandiza kusiyanitsa kafukufuku ndi audit. Yankhani mafunsowo, sindikizani yankho lake, ndipo muliphatikize ku fomu yanu kuyambira pachiyambi kuti wina asakuyendetseni uku ndi uku.

Kalembedwe ka chidule sikovuta kwa munthu amene anaphunzira unamwino: chiyambi, njira, zotsatira ndi mfundo yomaliza. Chovuta ndi malire a mawu. Ambiri timathera mawu pofotokoza kuti transplant n'chiyani, pamene owerenga onse ndi anthu a ntchito yomweyo. Ziganizo ziwiri n'zokwanira pa chiyambi, ndipo malo otsalawo apite ku njira ndi zotsatira. Tchulani muyeso umene munagwiritsa ntchito. Ine ndinatenga wa bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO, woyezera kukula kwa zilonda za m'kamwa, umene umayambira pa 0 kufika pa 4, pomwe 3 akutanthauza kuti wodwala akungotha kumwa zamadzimadzi ndipo 4 kuti sangathe kudya kapena kumwa chilichonse. Mukatchula engraftment, nthawi imene maselo oikidwa aja ayamba kupanga magazi, nenani tanthauzo limene mwatsatira, monga tsiku loyamba mwa masiku atatu otsatizana amene ma neutrophil, maselo oyera a m'magazi olimbana ndi matenda, afika pa 0.5 x 10⁹ pa lita. Ndibwerere pang'ono: nambala ya audit ija ndinaifunanso pamene abwana ankavomereza kuti dzina la chipatala lilembedwe pa chidule, choncho ndikubwerezanso kuti muiyambirire.

Za kaunikidwe ndinaziphunzira kwa namwino wina wamkulu amene wakhala akuunika zidule kwa zaka zambiri, ndipo anandilola kukhala naye pamene tinkasankha zidule za tsiku la maphunziro la m'dera lathu. Mayiwa amayamba ndi zotsatira. Akapeza chiganizo chonena kuti zotsatira zidzaperekedwa pa msonkhano, amachiika pambali chidulecho nthawi yomweyo, chifukwa palibe chimene angaunike. Akaona maperesenti opanda chiwerengero cha odwala, amafunsa kuti theka limeneli ndi la anthu angati, popeza theka la anthu anayi si chimodzimodzi ndi theka la anthu makumi anayi. Amayang'ananso ngati mfundo yomaliza ikuchokeradi m'zotsatira, ndi ngati nkhaniyo ili ya unamwino kapena ndi ntchito ya madokotala imene yangovekedwa dzina la namwino. Ine ndikugwirizana nawo kwathunthu pa nkhani ya unamwinoyi, chifukwa zimene timaona pambali pa bedi usiku, monga wodwala kukana kutsuka m'kamwa chifukwa cha ululu, palibe wina amene angazilembe.

Samalaninso za chinsinsi cha odwala. M'mawodi athu odwala ndi ochepa, ndipo mukalemba za munthu mmodzi wa matenda osowa, kutchula msinkhu wake ndi mwezi wa transplant kungamuulule ngakhale dzina mulibe. Pa nkhani yotere pamafunika chilolezo chake cholembedwa. Onse amene mayina awo ali pa chidule achiwerenge ndi kuvomereza chisanatumizidwe, ndipo aliyense anene ngati analandirapo ndalama ku kampani ya mankhwala, chifukwa zidule zolandiridwa zimasindikizidwa m'magazini ya Bone Marrow Transplantation ndipo zimakhala poyera mpaka kalekale.

Chidule changa chalandiridwa ngati posita, chipepala chachikulu chimene chimakhomedwa pa msonkhano kuti anthu aziwerenga. Kulandiridwa sikuchotsa ndalama yolembetsera ku msonkhano, ndipo ulendo, malo ogona ndi kusindikiza positayo zonse zimafuna ndalama, choncho pemphani tchuthi cha maphunziro ndi thandizo la ndalama tsiku lomwelo limene mwatumiza chidule, musadikire yankho. Pa fomu yopemphera thandizolo anandifunsanso nambala ya audit.