Ndinawotcherera rail ya snowmobile bwinobwino, inathyokera pambali

Ndikamauza anthu kumudzi kuti sabata ino tikuphunzira kukonza ma snowmobile, njinga zamoto zoyenda pa sinowo, amangoseka, amati ukadzabwerako udzakonza za ndani, za pa Sapitwa? Sindiwatsutsa, inenso ndisanabwere kuno ku Ontario, ku Canada, sinowo ndinkangomuona pa TV. Kosi yathu ndi ya mainjini ang'onoang'ono, njinga zamoto, zamaboti, koma kuzizira kukangoyamba shopu yonse imadzaza ndi ma sled, ndi mmene eniake amazitchulira, ma Polaris, Arctic Cat ndi Ski-Doo yomwe amainyadira kwambiri poti ndi yakwawo, Joseph-Armand Bombardier anayamba kuigulitsa mu 1959 ku Valcourt, Quebec.

Kwa amene simunaionepo, kumbuyo kwake kulibe tayala, kuli chilamba chachikulu cha rabala chomwe chimazungulira, ndiye mkati mwa lambayo muli chimango chokhala ndi mashoko, masipuling'i ndi timawilo, ndipo msana wa zonsezo ndi zitsulo ziwiri zazitali za aluminiyamu, ma rail. Pansi pa rail iliyonse amalowetsapo pulasitiki yolimba yotchedwa hyfax kuti lamba azitsetserekapo, ndipo chomwe chimaiziziritsa ndi sinowo yemweyo, munthu akamathamanga pa ayezi wouma pulasitiki ija imatentha n'kudyeka, ikatha basi tizitsulo ta pa lamba timayamba kudya aluminiyamu.

Yomwe anatipatsa ife mwiniwake anagunda nayo chitsa chobisika mu sinowo. Rail yakumanzere inapindika chakutsogolo, komanso panali mng'alu wochokera pa bowo la bawuti, bowolo linali litasanduka ngati dzira chifukwa bawutiyo inakhala ikugwedera nthawi yaitali osaimanga.

Ine nditangoona ndinati apa mpophweka, tiwotcherere. Ndinakulira pa shedi ya atsibweni anga ku Mchesi, makina awo a transifoma yokulunga okha, mageti, mafelemu a mawindo, njinga za akabaza zothyoka pakhosi, chilichonse chimalowa chothyoka n'kutuluka chamoyo, liwu loti kutaya kulibe kumeneko. Aphunzitsi sananditsutse, anangopita kuseri n'kubwera ndi rail ina yotayidwa yosweka chimodzimodzi, amvekere yamba iyi, ukamaliza undiitane.

Aluminiyamu si chitsulo chomwe ndinazolowera, amwene. Choyamba safiira. Chitsulo wamba chimakuchenjeza, chimafiira, umadziwa kuti pano pafewa, koma uyu amangokhala mbuu ngati palibe chikuchitika kenako mwadzidzidzi pansi phofo, bowo. Amasungunuka pa madigiri 660, pomwe kakhungu kosaoneka komwe kamakuta pamwamba pake kamafuna madigiri opitirira 2000, ndiye mkati mumakhala mutasungunuka kale khungu likadali gwa. Nchifukwa chake makina owotcherera otchedwa TIG timawaika pa AC, magetsi osinthasintha mbali, kuti azithyola khungulo, ndi gasi wa argon woteteza, ndipo usanayatse umapukuta ndi acetone, kukwecha ndi burashi ya stainless yomwe sinakhudzepo chitsulo china, kuboola kabowo kumapeto kwa mng'alu kuti usapitirire, kenako kusema mng'aluwo ngati V. Ulendo woyamba ndinaboola, wachiwiri kunatuluka zakuda bii poti nsonga ya tungsten yomwe imatulutsa moto ndinaiviika mu chosungunukacho. Wachitatu ndiye unabwera mzere wokongola, ngati makobidi osanjikiza, mpaka ndinajambula n'kutumizira atsibweni pa WhatsApp.

Aphunzitsi anayang'ana, anati wachita bwino, kenako anaitenga n'kukaiika pa puresi. Anapopa kangapo chabe. Inapindika n'kung'ambika, koma osati pomwe ndinawotcherera ayi, mzere wanga unali bwinobwino, inang'ambikira pambali pake, mwina chala chimodzi kuchoka pa weld. Ndinangoti kakasi.

Apa ndi pomwe phunziro lenileni linayambira. Aluminiyamu wa zinthu ngati izi, mwachitsanzo 6061-T6, kulimba kwake sikobadwa nako, amachita kumuphika. Amamutenthetsa pafupifupi madigiri 530, kumuviika m'madzi msangamsanga, kenako kumuikanso mu uvuni ya madigiri cha m'ma 175 kwa maola ngati 8, T6 ija ikutanthauza zimenezo. Ndiye iwe ukabwera ndi moto wako wa TIG, dera lonse lozungulira weld umalifafanizira kuphika kuja, mphamvu yomwe inali cha pa 290 MPa imatsika kufika cha pa 165, ndipo ndi maso sungaone chilichonse, pamawala chimodzimodzi. Kuti ubwezeretse uyenera kuphikanso rail yonse, shopu wamba ilibe uvuni yotero. Ndipo pali mitundu ina ngati 7075 yomwe ukaiwotcherera imangosweka ikamazizira, ndiye ngati sukudziwa kuti wagwira mtundu uti ukungochita juga. Chinanso chomwe chinandikhala m'mutu nchoti aluminiyamu amatopa, kugwedezeka kulikonse ngakhale kochepa amakusunga, ndipo rail imakhala ikupindidwa pa bampu iliyonse ulendo wonse.

Ya kasitomala ija tinaipopera utoto wofiira wofufuzira ming'alu, kupukuta, kupoperanso woyera, ndipo kunatuluka kamzere kena kofiira kuseri komwe sitinakaone. Basi chigamulo chinali kuika yatsopano, ndi hyfax yatsopano mbali zonse. Ikanakhala yongopindika pang'ono popanda mng'alu tikanaiwongola pa puresi yozizira, pang'onopang'ono ndi matabwa pansi, tikuyerekeza ndi inzake, osati kubweza uku ndi uku chifukwa ukapinda kawiri katatu imauma n'kusweka. Bowo longokula lokha amalimangira timapuleti mbali zonse ndi mabawuti kapena ma rivet, kuthira Loctite wabuluu, guluu woletsa bawuti kumasuka, kumanga ndi torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu, osati mphamvu za nsima zomwe ndinazolowera.

Kunena zoona mtima wanga sunavomere zonse. Ndinawafunsa kuti nanga munthu amene alibe ndalama, kapena ali kumidzi ya kumpoto uko komwe sipeya imabwera pa ndege, angoiimika sled mpaka chaka chamawa? Anavomera kuti kumeneko anthu amawotcherera ndithu n'kumangirapo puleti yaitali yodutsa dera lofewalo mbali zonse, ndipo kwa sled yongokokera nkhuni kapena kupita kowedza pa nyanja youma imatha kukhala zaka. Chomwe iwo sangasainire ndi ya mnyamata wothamanga makilomita 100 pa ola m'nkhalango kukuzizira -30, rail ikathyoka nsonga yake imatha kulasa lamba n'kumuimitsa nthawi yomweyo, munthu n'kuuluka. Pamenepo ndinakhala chete, komabe ndikuona kuti kuno amafulumira kutaya zinthu.

Usiku ndinawatumiziranso atsibweni chithunzi chachiwiri, chothyoka chija, ndi voice note yaitali yofotokoza za T6 ndi uvuni. Anayankha m'mawa, za madigiri sanazitchule nkomwe, anangoti mphwanga, aluminiyamu ife timaumbira mapoto, bwanji azungu akowo osangoikapo angle iron? Kenako voice note ina, yaifupi, kufunsa kuti makina a TIG ogwiritsidwapo kale akupanga zingati kuno ndipo angakwane mu sutikesi.