Mlonda wa m'maselo athu

Ndangotuluka kumene ku chipatala cha Mzuzu Central, komwe ndinaperekeza achemwali kukayezetsa khansa ya khomo la chiberekero. Zotsatira zili bwino, tathokoza Mulungu. Koma zomwe anatifotokozera anamwino tili pabenchi paja zikundizungulirabe m'mutu, ngakhale pano ndili m'minibasi ya ku Luwinga.

Thupi lathu linapangidwa ndi tizidutswa ting'onoting'ono totchedwa maselo, ndipo selo lililonse lisanagawike pawiri limayamba laona ngati DNA yake, yomwe ndi malangizo oyendetsera selolo, ili bwino. Ikawonongeka, kaya ndi dzuwa, kaya ndi utsi wa fodya, puloteni yotchedwa p53 imachuluka n'kuimitsa zonse: ima kaye, pakonzedwe. Pakakonzeka, selo limapitiriza ulendo. Zikakanika, p53 imalamula selolo kuti lidziphe lokha, cholakwikacho chisafalikire. Chandiwawa mtima n'chakuti kachilombo ka HPV, kamene kamayambitsa khansa ya khomo la chiberekero, kamapanga puloteni yakeyake, E6, imene imaphwanya mlonda ameneyu. Basi maselo owonongeka amangochulukana popanda wowaletsa, zaka n'kumapita, mayi akulima, akugulitsa tomato mumsika, osamva kupweteka paliponse.

Amayi anzanga, mtsikana wanu akakwanitsa zaka 9 musamubisire katemera wa HPV. Wanga ndikupita naye Lolemba m'mawa, kaya kugwe mvula.