Mwana Wonenepa Kwambiri Si Chizindikiro cha Chuma

Makolo anzanga a muno mu Chipata, nkhani iyi ikundidetsa nkhawa. Mwana akanenepa mopitirira, timamuyamikira kuti akudya bwino, ambuya ake n'kumamutcha "bwana". Koma kunenepa kotere kumaitana matenda a shuga ndi BP akadali wamng'ono, ndipo ana ambiri otere amakula nako.

Vuto limayambira pakhomo pathu. M'mawa tiyi wa shuga wambiri ndi vitumbuwa. Popita kusukulu tamupatsa ndalama ya majigisi ndi zakumwa zotsekemera. Botolo limodzi la Coca-Cola la 500ml lili ndi shuga wopitirira masupuni aang'ono 10, ndipo mwana amamaliza yekha osakhuta n'komwe! Madzulo nsima yaikulu, soseji yosambira m'mafuta, ndiwo zamasamba wakana, ife tangomusiya. Akalira timamutonthoza ndi bisiketi. Nanga iye angakonde bwanji chiwawa (masamba a maungu) ngati atate ake sachikhudza?

Chomwe chimandipweteka n'chakuti kuno kum'mawa ndiko kwawo kwa nsawawa. Ku Kapata ndi ku Saturday Market kuli nyemba, bondwe, kapenta, kandolo, mango pa nyengo yake, koma tayamba kuziona ngati zakudya za amphawi.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati ana a zaka 5 mpaka 17 azithamanga kapena kusewera mwamphamvu mphindi 60 tsiku lililonse. Athu ali pa foni ndi pa TV.

Osamunyoza mwanayo, ndipo osamumana chakudya payekha. Banja lonse lisinthe mphika, ndipo mukapita kusikelo funsani anamwino ngati thupi lake likugwirizana ndi msinkhu wake.