Mmene Ndinafululira Vinyo ndi Juwisi wa M'sitolo

Ulendo woyamba ndinalephera, ndipo cholakwa chinali changa. Ndinagula chakumwa chazipatso chosungunula ndi madzi, ndinathiramo shuga ndi yisiti, koma patatha masiku anayi m'chigubu munali zii, popanda thovu ngakhale pang'ono. Nditawerenga tizilembo ting'onoting'ono ta pabotolo ndinapeza kuti munali sodium benzoate ndi potassium sorbate, mankhwala amene amaikidwa dala kuti yisiti ndi nkhungu zisachulukane. Zakumwa zina zaufa nazonso sizithandiza, chifukwa kutsekemera kwake kumachokera ku aspartame, amene yisiti singathe kudya.

Ulendo wachiwiri ndinagula malita 4 a juwisi wa mphesa wa m'makatoni, wolembedwa kuti 100% komanso wopanda mankhwala otetezera. Ndinatsuka chigubu cha malita 5 ndi sopo, kenako ndinachitsukuluza ndi madzi otentha, pakuti kachilombo kotsalira kangathe kuwononga zonse. Juwisi wa mphesa amakhala kale ndi shuga pafupifupi magalamu 150 pa lita, ndipo magalamu 17 pa lita amabala mphamvu ya mowa ya pafupifupi 1%, choncho ndinangoonjezera magalamu 250 amene ndinasungunula mu juwisi wofunda. Yisiti ndinagwiritsa ntchito ya buledi, supuni imodzi yaing'ono. Yisiti ya vinyo imapirira mowa wamphamvu ndipo fungo lake ndi labwinopo, koma ya buledi ndi imene ndinali nayo.

Pakamwa pa chigubu ndi pamene pamafunika chidwi chachikulu. Yisiti ikamadya shuga imatulutsa mpweya wambiri, moti mukatseka mwamphamvu chigubu chimafufuma mpaka kuphulika, pamene mukachisiya chosatseka mumalowa mpweya wakunja ndi touluka, vinyo n'kusanduka viniga. Ine ndinavekapo baluni yobowola ndi singano ndi kuimanga ndi mphira. Kutacha, baluni inali itaima njo, ndipo nditatchera khutu pachigubu ndinamva kuthetheka ngati mvula yowaza padenga. Popeza unali mwezi wa Okutobala, ndinachiika pansi pa simenti m'chipinda chamdima, chifukwa kutentha kwambiri kumapangitsa vinyo kununkha moipa.

Patatha milungu iwiri baluni inagwa ndipo thovu linatha. Pansi panali nsenga zoyererako zokhuthala ngati phala. Ndinaika chigubu patebulo n'kukoka vinyo ndi kachubu koyera kupita m'mabotolo otsuka bwino, osafika pansipo, ndipo ndinadzaza mpaka m'khosi. Sabata yoyamba ndinkamasula zitsekerero pang'ono tsiku lililonse kuti mpweya wotsalira utuluke.

Tsiku lothira m'mabotolo vinyoyo anali wa mbuu ndiponso wonunkha buledi, ndipo ndinakhumudwa ndithu. Ndinamusiya mwezi wathunthu osamugwedeza. Nditatsegula botolo loyamba, anali atadikha, wofiira moonekera kuseri, wowawasa pang'ono, ndipo fungo la mphesa linali litabwerera.