Ma sampulo onse ndakhuthulira mu sinki

Sabata ino yandikwana anzanga, ku labu yathu yoyeza madzi kuno. Lolemba tinapita kumtsinje komwe anthu akhala akudandaula kuti nsomba zikuyandama zakufa kumunsi kwa paipi ya fakitale ina, madzi ake akuda bii, fungo lochita kukakamira m'zovala. Tinatunga kumtunda ndi kumunsi kwa paipiyo, mabotolo mu kula bokosi, liwiro kubwerera ku labu. Madzulo omwewo ndinayika BOD, yomwe imayeza kuipa kwa madzi poona okosijeni amene mabakiteriya adya m'madzimo. Imafuna masiku 5 mu inkyubeta pa 20°C, mumdima, ndiye ndimayembekeza kuwerenga Loweruka.

Lachiwiri ndi Lachitatu zinali za masiku onse, kuyeza pH (asidi wa m'madzi), turbidity (kuvunduka kwa madzi), klorini, ndi E. coli (bakiteriya wa m'chimbudzi) m'madzi a m'zitsime zingapo. WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, imati E. coli asapezeke ndi mmodzi yemwe mu 100 ml ya madzi akumwa, koma ma filter oyezera atsala paketi imodzi, moti timachita kusankha chitsime choyeza.

Lachitatu usiku magetsi anazima. Jenereta ilipo koma dizilo mulibe, chifukwa ndalama za kafukufuku zomwe boma linavomereza mu bajeti mpaka pano sizinalowe, ku akaunti amangoti dikirani. Lachinayi m'mawa ndikutsegula inkyubeta ndinamva mpweya wofunda kumaso, themometa ili pa 29. Ndinangokhala pa situlu kukhosi kuli gwa. Kukatentha choncho mabakiteriya amadya okosijeni mothamanga, nambala yomwe ungapeze ndi yabodza, loya wa fakitale angaiphwanye usanamalize kuiwerenga. Abwana akuti ingolembani lipoti, muyike kanoti pansi. Ndakana, dzina langa silipita pa zimenezo.

Chomwe chandiwawa kwambiri nchakuti mtsinje sudikira munthu. Galimoto yoti tikatungenso ma sampulo inapeza mafuta Lachisanu, titafika mvula inali itagwa usiku wonse, paipi ija yauma gwa ngati sinatulutsepo kanthu, nsomba zija zakokoloka. Umboni wathera pomwepo. Bambo wina amene amathirira mbewu zake ndi madzi omwewo anandifunsa kuti "ndiye mwapeza chani achimwene?", ine kungoyang'ana mabuti anga.

Ndipo sabata yomweyi kunali wekishopu ya masiku atatu ku hotela, mutu wake kuteteza madzi kuti asaipitsidwe, ma alawansi onse analipiridwa, zikwangwani zosindikiza bwino. Ndalama ya zikwangwani zokhazo ikanayendetsa jenereta mpaka Loweruka.

Lero m'malo mowerenga zotsatira ndakhala ndikutsuka mabotolo a BOD limodzilimodzi. Fomu yopempha dizilo ndalembanso, iyi ndi yachinayi.