Echo ya mtima mu Lusaka: funsani ngati wodwala aloledwa kudya

Dokotala akakulemberani echo, yomwe ndi sikani yoonera mtima, funsani kuti ndi iti, chifukwa zikuluzikulu zilipo ziwiri. Ya pachifuwa ndi yosavuta. Achimwene anga anangowagoneka chakumanzere, kuwapaka mafuta ozizira aja, n'kumayendetsa kachipangizo pakati pa nthiti. Pa sikirini magazi amaoneka ofiira ndi abuluu, koma penapake mitunduyo inasakanikirana ngati chitenje. Woyezayo anatuluka kukaitana dokotala wamkulu.

Vuto linali patsinde pa aorta, mtsempha waukulu wochoka mumtima. Pamenepo pali timatumba titatu totchedwa sinus of Valsalva. Kamodzi kanafufuma mpaka kuphulika, magazi n'kumabwerera kuchipinda chakumanja cha mtima. Akuti ambiri amabadwa khoma lakelo lili lofooka. N'chifukwa chake munthu woti ankanyamula matumba a simenti anayamba mwadzidzidzi kubanika, miyendo n'kutupa.

Tsono chimene chinandipsetsa mtima ndi echo yachiwiri, yolowetsa kapaipi kukhosi kuti aone mtima chakumbuyo. Wodwala sayenera kudya kwa maola pafupifupi 6. Mayi wa pa desiki anatipatsa tsiku, osatchulapo zimenezo. Tinanyamuka ku Chawama kusanache, alamu atawamwetsa phala kuti apeze mphamvu. Achimwene sakanatha kukwera basi, ndiye ndalama inapita pa takisi. Titakhala pabenchi mpaka dzuwa pamutu, namwino akufunsa, "Bambo, mwadya?" Basi, bwererani. Kachiganizo kamodzi kokha, mayi uja kanamukanika? Ndipo tsiku lina silipezeka mawa lake, munthu akugona chokhala chifukwa cha befu.

Ndabwerera m'mbuyo pang'ono: kalata yochokera kukiliniki, chitupa cha unzika (NRC) ndi khadi la inshuwalansi ya zaumoyo (NHIMA) zikhale m'chikwama chimodzi, ndipo zijambulitseni. Komanso amene anayamba kukayikira za mtima wa achimwene anali dokotala womvetsera pachifuwa, atamva phokoso losalekeza ngati la makina. Akakuuzani zotere, musazengereze.

Tsiku lenilenilo anawapopera mankhwala ochititsa dzanzi kukhosi ndi kuwabaya ogonetsa pang'ono. Wodwala asapite yekha, amatuluka akudzandira, ndipo samwa kanthu mpaka dzanzi lithe. Lipoti ndi zithunzi tengani, madokotala a opaleshoni amazifuna posankha kutseka bowolo pong'amba chifuwa kapena kudzera mumtsempha wa m'ntchafu. Achimwene anawalembera yong'amba. Ndikubwerezanso, ya kukhosi ija asadye kanthu, ngakhale tiyi.