Tsiku langa ndi Chauncy Maples

Ndafika ku Monkey Bay m'mawa uno. Poti nthawi inalipo yambiri, ndinatsetserekera kudoko, ndipo sindinachokeko mpaka dzuwa litapendeka. Chandigwira ndi sitima yokalamba ija, Chauncy Maples. Utoto unasuluka kalekale, dzimbiri layenderera m'mbali ngati misozi.

Amishoni a UMCA, bungwe la mpingo wa Anglican, anaipangitsa ku Glasgow mu 1899, ndipo inabwera kuno ili zidutswazidutswa, zokwana 3,481, kudzera m'mitsinje ya Zambezi ndi Shire. Pa mathithi a Shire panalibe kuchitira mwina koma kusenza. Chimene chandikhala pamtima ndi boila yake, chithanki chowiritsira madzi a nthunzi yoyendetsa injini. Inali yolemera matani 11, yosatheka kuiphwasula, ndiye amuna achingoni 450 anaikoka pangolo, kukwera zitunda ndi kuoloka makwawa. Sitimayi inatenga dzina la bishopu Chauncy Maples amene anamira m'nyanja yomweyi mu 1895, ndipo ulemu umenewo ngoyenera. Koma okoka aja amangotchulidwa ndi nambala basi. Zimandiwawa. Anali agogo a anthu a dziko lino.

Inayamba kuyenda mu 1901. Inali tchalitchi, sukulu ndi chipatala pakamodzi, ikuyendera nkhuni zimene anthu ankadula ndi kuunjika m'madoko. Nkhondo ya 1914 itabuka, boma linaitenga kuti izinyamula asilikali olimbana ndi Ajeremani. Tangoganizani, malo amene ana ankaphunzira kuwerenga n'kudzaza mfuti ndi zipolopolo! Nkhondo itatha inabwerera kwa amishoni, mpaka mu 1953 pamene anaigulitsa n'kukhala yophera nsomba. Mu 1967 anaikonzanso, n'kuyamba kunyamula anthu ndi katundu, tsopano ndi injini ya dizilo.

Masana ndinakhala pamthunzi ndi bambo ena achikulire amene amasoka ukonde. Ndinati, "Bambo, munaikwerapo imeneyi?" Anaseka, nati anaikwera ali mnyamata, atakhalira thumba la ufa, mwera ukuomba mpaka onse kusanza. Tinagawana chinangwa chootcha.

Iwo ndi amene anandikumbutsa kuti panali maganizo oisandutsa chipatala choyenda panyanja. Ndalama zinasonkhedwa, ntchito inayambika, kenako zii. Chonsecho midzi ya m'mphepete mwa nyanja yopanda msewu ilipobe, kumene mayi woyembekezera zikavuta amamukweza m'bwato usiku.